Lamlungu Lililonse Ankandizimitsa

1

Owerenga anzanga, sekani kaye kuti tithane nazo. Ine, mayi wa zaka 37, telala wokhala ndi shopu yangayanga ndi makina atatu, ndinatha chaka chathunthu ndikudzisandutsa loboti Lamlungu lililonse masana. Ndinkaumitsa khosi n'kumayankhula mawu osakwera osatsika pamaso pa anthu akuluakulu a ndevu zawo ndi maudindo awo. Ndipo ndinkachita bwino, ndisakubiseni. Mukatha kuseka mukhale pansi, chifukwa masewera amenewo ndi amene anandibwezera banja langa, ndipo ndi omwewo anandilanda.

Amunanga ndi mphunzitsi wa masamu ku sekondale, moti aliyense amangowatchula kuti Aphunzitsi, ine ndemwe. Tinakwatirana zaka khumi zapitazo. M'chaka chachitatu mwana wathu anabadwa osalira, ndipo kuti ine ndipulumuke madokotala anandichotsa chiberekero. Ndinakakhala kwa amayi anga miyezi inayi. Nditabwerera, sitinkakangana ayi. Tinkangopatsana moni ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi, iwo ndi mapepala awo ochonga, ine ndi zopinda zanga. Tsiku lililonse ndinkadikira kuti atope, akhale pansi, andiuze kuti akufuna mkazi wobereka. Mantha amenewo ndinkadzuka nawo, n'kupita nawo ku shopu, n'kubwera nawo.

Tsiku lina anabwera ndi kabokosi ka madayisi ndi mulu wa mapepala.

"Mayi, ndapeka masewera, koma akusowa munthu mmodzi."

"Masewera a ana?"

"A akuluakulu amene atopa ndi ukulu."

Anandifotokozera. Kuli chombo chachikulu chimene chikuthawa dziko limene dzuwa lake likuzima, ndipo ulendo wake pakati pa nyenyezi ndi wa zaka zambiri. Iwo adzakhala ofotokoza nkhani. Enafe aliyense atenga munthu mmodzi wa m'chombomo, azimuyankhulira ndi kumusankhira zochita, ndipo pakakhala chovuta tiziponya dayisi kuti tione ngati zatheka. Achimwene anga, amene ndi makanika, anali atavomera kale kukhala Kapiteni. Mphunzitsi mnzawo wa sayansi, amene tinkangomuti Madamu, adzakhala injiniya.

"Nanga ine?"

"M'chombomo muli kamwana kamasiye ka zaka zisanu. Kakusowa mlezi, ndipo mleziyo ndi loboti."

Ndinasiya kupinda siketi imene inali pamiyendo panga. Mawu oti mwana anali asanamveke m'nyumba imeneyo kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Loboti ilibe mtima, mayi," anatero mofatsa. "Siimva kuwawa. Imangosamala basi."

Mawu amenewo ndi amene anandikola. Ndinavomera.

2

Tinkasewera patebulo lodyera kuyambira 2 koloko. Tiyi m'fulasiki, mabisiketi m'mbale, mapu a chombo pa pepala lalikulu limene makona ake tinkatsindira ndi makapu. Dzina langa linali Mlezi, ndipo Mlezi anali ndi malamulo ake. Sanama. Chilichonse chokhudza mwana amalemba m'kope, chifukwa kopelo ndilo ubongo wake. Lamulo lomaliza linali lakuti Kapiteni akati "Zima," ndizinyamuka kupita kuchipinda, nditseke chitseko, nditsegule wailesi mpaka atandigogodera, poti anthu a m'chombo ali ndi nkhani zimene makina sayenera kumva. Ndinkapita mosanyinyirika. Ndinkadzitama kuti ine sindibera, ngakhale kuika khutu pachitseko sindinayesepo.

Achimwene ukapiteni unawalowa m'mutu, moti ankalamula ngakhale shuga. Madamu ankatsutsa sayansi ya Aphunzitsi mpaka tiyi kuzizira. Koma mtima wa masewerawo unali mwana uja. Ankamuyankhulira Aphunzitsi, ndi timawu tating'ono timene sindinkadziwa kuti ali nato. Tinkamutchula Kachiwala chifukwa sankayenda, ankangodumpha. Sabata iliyonse ndinkaphunzira chatsopano n'kulemba. Ndi wamanzere. Ali ndi chipsera pansi pa chibwano. Dzira amadya choyera chokha. Powerenga manambala amadumpha seveni. Baluni ikaphulika kapena munthu akakuwa, amalowa pansi pa tebulo n'kutseka makutu, ndipo satuluka pokhapokha ulowe momwemo, usamukhudze, uziwerenga naye manambala pang'onopang'ono.

Ndinkadabwa kuti munthu wa masamu nzeru zopekera mwana chonchi anazitenga kuti.

Lamlungu lina, chombo chikudutsa pafupi ndi nyenyezi yofiira, Aphunzitsi anafunsa ndi timawu tija, "Mlezi, kodi iwe umandikonda?"

Ndinaumitsa khosi. "Mawu amenewo mulibe m'makina anga. Koma ukatalikira kuposa mamita khumi, waya wina muno amatentha. Injiniya walephera kumupeza."

Madamu anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Achimwene anatsokomola n'kumayang'ana kudenga ngati kukudontha. Madzulo amenewo tikutsuka makapu, Aphunzitsi anandigwira m'chiuno koyamba patapita zaka, ndipo ine ndinaseka mpaka kapu inandipulumuka.

Ndiulule china chimene sindinauzepo munthu. Mkati mwa sabata, ku shopu, ndinkapezeka ndikuganizira mwana ameneyu, kuti kodi wadya, kodi m'chombomo mukuzizira. Tsiku lina ndinatenga nsalu yotsala yachikasu n'kusoka kadiresi ka thumba kumanzere. Nditamaliza ndinachita manyazi, ndinakabisa pansi pa mulu wa zigamba.

Patatha miyezi isanu ndi itatu chombo chinabowoka. Kapiteni analamula kuti nditseke chitseko chachitsulo kuti anthu makumi asanu apulumuke, Kachiwala ali kuseri kwake. Ndinakana. Ndinaponya dayisi, ndinalowa, ndinamutulutsa, chitsekocho n'kundidula mkono umodzi. Kenako ndinalumbira pamaso pa onse kuti mwana ameneyu sindidzamusiya, kaya chombo chipse.

"Lembani zimenezo m'kope, Mlezi," anatero Aphunzitsi.

Ndinalemba, n'kudula mzere kunsi kwake. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, kungoti mbuziyo palibe amaitsina khutu.

3

Chimene chinayamba kundidya chinali Madamu. Anali mayi wooneka bwino, wosakwatiwa, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, wa perefyumu wotsala pampando mwini wake atapita. Masewera asanayambe ankapatsira Aphunzitsi kapepala kopinda. Malamulo ankalola zimenezo: wosewera akafuna kuchita chinthu mobisa, amalembera wofotokoza nkhani. Koma ndi injiniya wanji wokhala ndi chinsinsi sabata iliyonse? Aphunzitsi ankawerenga, kumwetulira, n'kuika m'thumba la malaya. Komanso Madamuyo ankandiyang'anitsitsa, mmene ine ndimayang'anira nsalu ndisanaigule.

Ndiye panalinso nkhani ya Lachitatu. Kwa zaka zambiri, Lachitatu lililonse Aphunzitsi ankabwera mochedwerako, ati akuthandiza ana a mayeso.

Tsiku lochapa ndinapisa m'thumba la malaya abuluu. Kapepala kanali momwemo, m'malembedwe opendekera a Madamu. "Lachitatu simunabwere. Kunali misozi. Musadzachitenso."

Ndinasiya zovala m'beseni n'kulunjika ku galaja ya achimwene. Muyenera kudziwa kuti amenewa si mlongo wamba. Bambo athu atamwalira ine ndili ndi zaka khumi, iwo ndi amene anasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Makina anga oyamba osokera anawanyamula paphewa kuchokera kumsika. Ndili m'chipatala muja anagona pabenchi masiku asanu ndi anayi. Akanandiuza kuti dzuwa latulukira kumadzulo, sindikanatuluka kukaona.

Ndinawapeza ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Ndinawawerengera kapepalako. Anatuluka pang'onopang'ono n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Chemwali, ndikulumbira pa manda a bambo, pakati pa alamu ndi Madamu palibe chibwenzi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndine mwamuna, ndimaona. Mwina ndi ana a mayesowo analira. Ndikanaona kanthu, sipanala iyi ikanagwira kale ntchito yake." Anandigwira phewa ndi dzanja la girisi. "Wayambanso kuseka, chemwali. Usadzitayire wekha."

Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndi chidindo cha zala zinayi pa bulauzi. Ndinachita manyazi kuti ndakayikira anthu osalakwa, moti Lamlungu lotsatira Madamu ndinamuthirira tiyi ndi dzanja langa.

4

Mwezi wotsatira ndinapeza oda ya mayunifomu pa sukulu ina ya pulayimale kutsidya kwa tawuni. Ndinapita ndi tepi ndi buku la miyezo kukayeza ana a kalasi yoyamba, makumi anayi ndi awiri. Kuyeza ana n'kovuta kuposa kugwira nkhuku. Pofika pakati, msana unali utauma ndipo mawu atasasa.

"Wotsatira," anaitana mphunzitsi wa kalasiyo. "Iwe Chiwala, siya kudumpha, pita kwa atelala."

Ndinaseka. Ndinati ndikawauza Aphunzitsi kuti dzina lawo lija lili ndi mwini wake.

Kamtsikana kanabwera kakudumpha ndi mwendo umodzi, maso aakulu, chingwe cha nsapato chitamasuka.

"Kweza mutu, mama."

Kanakweza. Pansi pa chibwano panali chipsera chachifupi.

Ana ambiri ali ndi zipsera pachibwano, ndinadziuza. Ndinazunguliza tepi pachifuwa pake. Mwanayo anagwira nsonga ya tepiyo ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuwerenga. "Folo, faifi, sikisi, eyiti."

"Wadumpha imodzi."

"Seveni sindimufuna. Ndi wopindika."

Mawu amenewo, ndendende, anali m'kope la Mlezi, tsamba lachinayi. Mapini amene ndinaluma ndinawalavulira m'dzanja kuopa kuwameza.

"Umadya mazira?"

"Choyera chokha."

"Adadi ako amagwira ntchito yanji?"

"Amaphunzitsa masamu ana aakulu. Amabwera Lachitatu. Amadziwa nkhani ya chombo cha kumwamba."

Ndinayang'ana pa mndandanda pamene panalembedwa tsiku lake lobadwa. Ndine mkazi wa mphunzitsi wa masamu, kuchotsera miyezi isanu ndi inayi ndimatha. Zinagwera m'miyezi inayi ija ndinali kwa amayi, bala la opaleshoni lisanapole, mkaka ukutuluka wopanda woyamwa.

Ndinamaliza kuyeza ana otsalawo. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinatha bwanji, koma palibe yunifomu imene inabwezedwa.

5

Pa mndandandapo panalinso nambala ya foni ya mayi wake. Ndinaimba ndili pamalo okwerera basi, ndinanena kuti ndine mkazi wa ndani. Anati abwera.

Anafika ku shopu mawa lake masana, atsikana anga osoka nditawatuma kukagula ulusi umene unalipo kale. Atangotsegula pakamwa ndinaona mpata uja pakati pa mano.

"Madamu ndi ndani wanu?"

"Ndi akulu anga, bere limodzi."

Anakhala pa kampando ka makasitomala atakumbatira chikwama. Sanali chilombo chimene ndinkafuna kuti akhale. Anali mayi wotopa, wamng'ono kwa ine, wolandira alendo pa ofesi ina. Anati za iye ndi Aphunzitsi zinatha mwana asanabadwe. Tsopano wapeza mwamuna, ukwati ndi mwezi wamawa, akasamukira kutali, ndipo mwamunayo wanenetsa kuti mwana wa mwamuna wina m'nyumba mwake ayi.

"Ndiye munaganiza zondipatsa ine."

"Bambo ake anati mukauzidwa mwadzidzidzi mukana, mwinanso muchoka. Anati, mundipatse chaka, mayi ndiwakonza."

"Ndiwakonza."

"Ndi mmene ananenera. Akulu anga anati sangapereke mwana kwa munthu amene sanamuone mtima, ndiye analowa nawo masewerawo. Za m'timapepala tija ndinkawauza ndine, zimene mwana wachita sabata imeneyo." Anayamba kulira. "Amati mumamukonda kwambiri. Amati munaduka mkono chifukwa cha iye."

Ndinayang'ana mikono yanga iwiri ili patebulo lodulira nsalu. Chaka chonse ndinkati ndikusewera, chonsecho ndinali pa mayeso, oyesawo akudya mabisiketi anga.

"Mubwere naye Lamlungu, hafu pasiti filii, mudikire pageti," ndinatero. "Mukangouza munthu, mwanayo mupita naye kwa mwamuna wanuyo."

Tsiku lotsatira linali Lachitatu. Aphunzitsi anafika dzuwa litalowa, akuimba kamluzu.

"Ana a mayeso ali bwanji?" ndinafunsa.

"Akuyesetsa. Kungoti ena masamu sawalowa."

Ndinawaikira chakudya, ndinawathirira madzi, ndinakhala moyang'anana nawo mpaka anamaliza. Chaka cha uloboti chinandithandiza, nkhope yanga sinagwedezeke.

Achimwene sindinawauze. Ndinkafuna adzaone ndi maso awo mmene mlongo wawo wadyeredwera masuku pamutu, komanso ndinkaopa sipanala ija. Loweruka ndinachotsa pabalaza botolo la maluwa ndi chilichonse cholemera.

6

Lamlungu limenelo ndinasewera bwino kuposa masiku onse. Chombo chinali chitatsala pang'ono kufika pa dziko latsopano. Aphunzitsi anafunsa ndi timawu tija, "Mlezi, tikafika ndizikakhala ndi ndani?" Ndinayankha kuti funso limenelo makina anga akuliwerengetsera. Madamu ndi Aphunzitsi anayang'anana.

"Zima," anatero achimwene.

Ndinapita kuchipinda, ndinatsegula wailesi, ndinavula nsapato n'kutulukira khomo lakuseri. Mayi uja anali pageti. Ndinamuuza kuti adikire pomwepo. Mwanayo anandizindikira. "Atelala," anatero, n'kundipatsa dzanja. Tinalowera khomo lakutsogolo.

Atatuwo anali atagundanitsa mitu, akunong'onezana.

"Adadi!"

Aphunzitsi anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Madayisi anamwazika pansi.

"Anti, inunso muli kuno?" anatero mwanayo ataona Madamu.

Ine maso anga anali pa achimwene. Ndinkadikira kuti nkhope yawo isinthe, afunse kuti mwana uyu ndi wa ndani. Mwanayo anandisiya dzanja, anadumpha kawiri, n'kukakwera pamiyendo pawo ngati pampando wake wa masiku onse.

"Ankolo a galimoto, munati mundikweza yofiira ija."

Dzanja la achimwene linapita lokha pamutu pa mwanayo. Sanandiyang'ane.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Chemwali, khala kaye pansi."

"Kuyambira liti, achimwene?"

"Zaka zitatu. Alamu anandiuza okha. Za masewerazi tinapangana tonse. Lamulo lozimitsa ndinabweretsa ndine, kuti tizipeza mpata wokambirana mmene ukuyendera."

"Munalumbira pa manda a bambo."

"Sindinaname. Chibwenzi panalibe."

Aphunzitsi anayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba ngati ali m'kalasi. Anati analakwa kamodzi, nthawi ya chisoni. Anati ankafuna ndimudziwe kaye mwanayo popanda mkwiyo. Kenako anati, "Mayi, taonani mmene mwachirira. Munalumbira nokha kuti simudzamusiya. Zili m'kope."

Apo ndi pamene ndinaphulika. Zonse zimene ndinanena sindizikumbukira, koma aneba amazikumbukira. Ndinakuwa, ndinamenyetsa kope patebulo, mbale ya mabisiketi inagwa n'kusweka. Nditaima kuti ndipume, mwana uja sanaoneke.

Anali pansi pa tebulo atatseka makutu, atadzikodzera. Aphunzitsi anawerama n'kuyamba kumukoka mwendo. Mwanayo anakuwa.

"Musamukhudze," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa. Zimene ankandiwerengera chaka chonse kuchokera m'timapepala, iwo eni ake sanazisunge. Ndinagwada, ndinalowa pansi pa tebulo pakati pa zidutswa za mbale, ndinakhala pambali pake. "Wani," ndinatero. "Thuu." Pofika pa folo anayamba kunditsatira.

Tili pansipo ndinamva Madamu akunong'ona, "Mwaona?" Ndipo ndinamva achimwene akupumira m'mwamba, mmene amachitira galimoto yovuta ikalira.

Ndinatuluka ndi mwanayo, ndinamupukuta, ndinakamupereka kwa mayi ake pageti. Kenako ndinalowa kuchipinda, ndinazimitsa wailesi ndi kuyamba kulongedza.

7

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndimakhala m'kachipinda kakuseri kwa shopu, bedi langa lili pakati pa mipukutu ya nsalu. Mapepala othetsa ukwati ali ku khoti. Mayi uja anakwatiwa n'kupita, ndipo mwana amakhala ndi bambo ake.

Achimwene amabwera Lolemba lililonse ndi buluku loti lifupikitsidwe. Ndi buluku lomwelomwelo, latsala pang'ono kusanduka kabudula. Ndimalipereka kwa atsikana anga. Tsiku lina anaima pakhomo n'kunena, "Chemwali, ndinakuona ukufa uli moyo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikanatani?"

"Mukanandiuza."

"Ukanachoka."

"Nanga pano ndili kuti?"

Anthu amandikumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona, koma fupa limaimanso pakhosi. Za Aphunzitsi zimandipweteka, koma mwamuna wozembera si chinthu chachilendo pa dziko lino. Amene amandisowetsa tulo ndi munthu amene anagona pabenchi chifukwa cha ine, n'kudzakhala woyamba kupeza njira yondithamangitsira kuchipinda.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Iwo anatenga mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi n'kumuyesa nyambo, ine ndinamutenga n'kumuyesa umboni. Ndinamugwira dzanja akumwetulira n'kumulowetsa pamoto ndikudziwa.

M'mwezi wachiwiri nditachoka, a kusukulu anandiimbira kuti mwana watentha thupi ndipo bambo ake sakuyankha. Aphunzitsi anali atalemba nambala yanga pa fomu osandifunsa. Ndinati pepani, mwana ameneyo si wanga, ndinadula foni. Ndinasoka mzere umodzi wokhota. Mphindi makumi awiri zisanathe ndinali m'takisi. Tikudikira pamzere kuchipatala, mutu wake uli pamiyendo panga, anandifunsa, "Atelala, tsiku lija ndinalakwa chiyani?"

Ndinamuuza kuti sanalakwe kanthu. Sindikudziwa ngati anakhulupirira.

Masiku ano amabwera ku shopu Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka. Amasankha mabatani, amadula zigamba ndi sizasi ya amanzere imene ndinaisaka tawuni yonse. Bambo ake akabwera kudzamutenga amaima panja, chifukwa m'kati sindiwalola, koma nkhope yawo ndimaiona pawindo. Ndi nkhope ya mphunzitsi amene samu yake yatuluka. Ndipo yatulukadi, owerenga. Mwana ameneyu ndimamukonda mpaka pachifuwa pamawawa. Chimene sinditha kuwakhululukira n'chakuti anawerengetsa bwino.

Ndikudziwa ena mwa inu mukuti vuto lili pati, mwana wapeza mayi, mayi wapeza mwana. Amayi anzanga andiuza kale zimenezo, ena mpaka kundinena kuti ndine wosayamika. Mwina akunena zoona. Koma ine ndikamuluka tsitsi mwanayu, nthawi zina manja amaima, ndimadzifunsa ngati chikondichi chinamera chokha kapena anthu atatu anachilumikiza mwa ine sabata ndi sabata, akuyang'ana ngati chagwira.

Choncho inu amene muli ndi katundu wolemera woti musenzetse munthu amene mumamukonda, musamukonze. Mukhazikeni pansi, mumuyang'ane m'maso, mumufunse, ngakhale mukuopa yankho lake. Ine akanandifunsa, mwina ndikanakana. Mwinanso ndikanalira mwezi wathunthu kenako n'kunena kuti bwerani naye. Sindidzadziwa kuti ndine mkazi uti mwa awiriwo, ndipo chimenecho ndicho anandibera.